Injini ya Dokotala wa Mano

9 Malichi

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikhulupirira nonse muli bwino, ndiponso kuti chifuwa cha mzime wathu chija chinaleka. Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona.

Kodi mukukumbuka tsiku lija kagalimoto ka amalume anu kanatizimira pachitunda, tikuchokera kogula makina anu osokera? Tinali tisanathe chaka m'banja. Ndinachotsa chosefera mpweya n'kukupemphani kuti mutseke kukamwa kwa kabuleta ndi chikhatho, ine ndikuliza. Injini itangogwira munakuwa kuti, "Mayo, ikundiyamwa!" n'kuthawira kuseri kwa mtengo, nsapato imodzi itatsala pamsewu. Njira yonse munkangoyang'ana kabwalo kakuda kamene kanadindika m'dzanja mwanu, mukuseka mpaka misozi. Ndakumbuka zimenezi chifukwa ntchito yanga kuno ndi yomweyo. Ndimaphunzitsa injini kuyamwa mpweya.

Kalata yanu ndinalandira kwa dalaivala wa thiraki uja, ndipo ndaiwerenga kangapo. Mwati chaka chino chikatha tisanaonane, ndisadzavutikenso n'kulemba, mudzangodziwa kuti muli nokha. Sindikukutsutsani. Mzime ndinamusiya akukwawa, lero akuwerenga. Nkhani imeneyi pa foni timangokangana mpaka mayunitsi kutha, n'chifukwa chake ndasankha pepala.

Vuto mukulidziwa. Chikalata changa chokhalira kuno chinatha kalekale. Ndikangotuluka sadzandilolanso kulowa, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma tsopano kwaoneka kanjira. Abwana anga, amene tonse timawatcha a Chipewa poti palibe anaonapo pamutu pawo, ati akhoza kundipemphera chikalata chatsopano ngati galaja itakhala ndi ntchito yochuluka yoonetsa kuti ikundifunadi. Ndiye kwabwera dokotala wina wa mano, amene Loweruka amavula chovala choyera n'kukathamangitsa galimoto ku mipikisano. Watipatsa injini yake kuti tiimange mwatsopano. Ikakachita bwino pa mpikisano waukulu wa kumapeto kwa Ogasiti, anzake adzabwera okha ndi zawo.

Pa mpikisano wakewo salola tebo, kachipangizo kaja kokankhira mpweya m'injini mokakamiza. Injini iyenera kudzikokera yokha ngati munthu wothamanga. Choncho mphamvu yonse yagona m'mipita inayi ya mu hedi, chivundikiro cha injini, mmene mpweya umadutsa polowa. Wosema mipita imeneyo ndine. A Chipewa sanaganizirenso wina.

Ndatumiza kangachepe. Ziyambe nsapato za chisamba wathu, zotsala mugulire loko wa chitseko chakumaso. Alamu asayese kuika okha, paja anatiphera wailesi.

Ine,
Bambo a ana anu.

21 Epulo

Amayi a ana anga,

Ndathokoza chifukwa cha kalata yanu, ngakhale inali yaifupi ngati tikiti ya basi. Ndakondwa kuti muli bwino. Inenso ndilipo.

Mwafunsa kuti chitsulo ndimasema bwanji, poti si mtengo. Funso limeneli landisangalatsa sabata yonse. Hedi ndi ya aluminiyamu. Ndimaikhazika pa benchi pansi pa nyale, n'kutenga kagalainda kooneka ngati cholembera chonenepa, kolira ngati udzudzu wolusa. Mpita wochokera ku fakitale umakhala ndi mabampu ndi makona, ndipo mpweya ukafika pamenepo umapunthwa, umazungulirazungulira ngati mlendo wosochera mumsika. Ine ndimachotsa zopunthwitsazo pang'onopang'ono. Ukakulitsa kwambiri, mpweya umayenda mwaulesi. Ukasalalitsa ngati galasi, petulo amamatirira m'makoma ngati mame. Pokhota penipeni maso safika, ndiye ndimatsinzina n'kulowetsa mkombaphala. Chala ndicho chimandiuza potsala. Ndipo mipita yonse inayi ifanane ngati mikono ya malaya. Anzanga pano ndimakonda kuwauza mawu anu aja, akuti nsalu ukadula sibwerera.

Dzana kunabwera dokotala uja, mwini injini. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, manja m'thumba, kenako anati, "Achimwene, inu ndi ine ntchito yathu ndi imodzi. Tonse timaboola ndi kachitsulo kolira."

"Kusiyana kwake, adokotala, odwala anga saluma."

"Komanso sathawa pampando," anatero a Chipewa ali pansi pa galimoto.

Mayi Wowotcherera, mnzathu amene amalumikiza zitsulo pakona ya galaja, anakweza chigoba chake chakumaso n'kuti, "Koma anu, adokotala, amalowa ndi mano ambiri n'kutuluka ndi ochepa. Athu pano sitiwachotsera kanthu kofunika." Adokotala anaseka mpaka kukhala pa tayala.

Mpita woyamba watha. Titauika pa makina oyezera mpweya, singano inakwera kupitirira pamene a Chipewa analemba ndi choko. Sanandiyamikire, sayamikira munthu. Anangopita kukagula mabanzi n'kundiikira awiri pa benchi.

Kwayamba kuzizira. M'chipinda mwanga zenera limalowetsa mphepo, ndatsekapo ndi katoni. M'mawa zala zimachedwa kudzuka, ndimayamba ndazifunditsa pa kapu ya tiyi. Ukulu basi.

Muuzeni chisamba kuti masamu asawathawe, sadya munthu. Makina anu muziwathira mafuta ake enieni, osati ophikira.

Ine,
Bambo a ana anu.

2 Juni

Amayi a ana anga,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndiliko.

Pepani kuti mwezi watha dalaivala anafika chimanjamanja. Pa hedi ija pachitika kenakake, ndipo ntchito yabwerera m'mbuyo. Lero sindifotokoza. Sanandichotse, musade nkhawa. Kungoti masiku ano a Chipewa akulankhula ndi zitsulo kuposa ndi ine.

Mukaona zilembo zili ngati papalasa nkhuku, ndi cholembera, chikuvuta.

Za denga lodontha pamwamba pa bedi la ana, sunthani bedilo kaye. Mvula ili kutali, tidzaona. Amayi anga musawauze kalikonse, angayambe kusala kudya.

Za Ogasiti zikadalipo. Mawu anu aja sindinaiwale.

Ine,
Bambo a ana anu.

14 Julayi

Amayi a ana anga,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, ndi kuti chisamba wakhoza masamu. Mumugwire chanza m'malo mwanga. Ine ndiliko bwino kusiyana ndi mwezi watha.

Mwati dzanja langa mwaliwerenga kuyambira tili pachibwenzi, ndiye ndisanamizire cholembera. Mwandigwira. Imvani tsono zonse.

Mipita iwiri ndinaimaliza bwinobwino. Wachitatu ndinauyamba m'mawa wina kukuzizira koopsa. Ndinasema, ndinalowetsa chala, chala n'kundiuza kuti bampu likadalipo. Ndinasemanso. Chinanenanso zomwezo. Koma bampulo linali litatha kale, chala ndicho sichinkamva. Kuseri kwa khoma la mpita kumadutsa madzi oziziritsa injini, ndipo khomalo ndi lopyapyala. Titaviika hedi m'beseni n'kupoperamo mpweya kuti tiyese, tinaona timathovu tikukwera pamzere, ting'onoting'ono. Ndinali nditaboola.

Hedi ya mtundu umenewu anasiya kupanga kalekale, ina sikanapezeka Ogasiti asanafike. A Chipewa anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali, kenako anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Amayi, munthu uja ali ndi tsitsi lambirimbiri! Zaka zonsezi tinkati akubisa dazi. Koma tsiku limenelo palibe anaseka.

Amene anayamba kulankhula ndi Mayi Wowotcherera. "Lekani maliro, sanafe munthu. Bweretsani kuno." Anaitenthetsa hediyo mu uvuni, n'kudzaza bowolo ndi aluminiyamu watsopano, dontho ndi dontho, tsiku lathunthu. Pondibwezera anati, "Nayi nsalu yanu, atelala, yabwerera. Mukaduladulanso ndikuwotchererani limodzi ndi benchi."

Koma posemanso pamafunika chala, ndipo chala changa chinali chitasanduka mboni yonama. Ndinakhala masiku ndikungoiyang'ana hediyo. Adokotala atabwera ndinawauza ndekha, ndisanawalonjere n'komwe. Hedi sanaiyang'ane. Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza pansi pa nyale.

"Zala izi zayamba liti kuyera chonchi?"

"Chaka chatha, kukazizira."

"Ndiye mumadikira kuti zigwe kaye?"

Akuti kunjenjemera kwa galainda kwa zaka zambiri kumatopetsa mitsempha. Ananditumiza kwa mnzawo wa kuchipatala, amene wandiuza kuti ndizivala magolovesi okhuthala, ndizisema pang'ono n'kupumula, ndipo ndisamalole manja kuzizidwa. Akuti zikhoza kusiya kuipiraipira, koma kumva konse kuja mwina sikudzabwerera.

Ndinati, "Adokotala, injini yanu mupatse wina."

"Wina wake uti? Ine ndikudziwa inu."

M'mawa mwake anabwera ndi chitini cha zinthu zofewa zapinki, zimene amadindira m'kamwa mwa munthu akafuna kumupangira mano oikirira. Tinapaka mafuta mumpita, tinathiramo, tinadikira kuti zilimbe, n'kukoka pang'onopang'ono. Chinatuluka chinthu chopindika ngati nyanga ya mbuzi. Mkati mwa mpita, amayi, muli m'dzanja langa! Zimene kwa zaka zonsezi chinkazidziwa chala chokha, ndinaziona ndi maso. Tinadinda yonse inayi n'kundandalika pa benchi. Apo m'pamene ndinaona kuti ngakhale iwiri yoyamba ija, imene ndinkanyadira, inali yosiyana pang'ono pokhota. Ndinachita manyazi, kenako ndinaseka ndekha.

Tsopano ndimasema, ndimadinda, ndimayeza, ndimasemanso. N'zochedwa, koma sizinama. Dzulo nyanga zinayi zinafanana moti Mayi Wowotcherera anazisakaniza dala, ine osazindikira kuti yachitatu ndi iti.

Ndatumiza kangachepe, ka mwezi uno ndi ka mwezi uja. Malata awiri akwanira padengapo.

Ine,
Bambo a ana anu.

1 Seputembala

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu, kwa chisamba ndi kwa mzime. Ine ndili bwino, kwayamba kufunda ndipo zala zikuthokoza.

Pa galaja yathu pali lamulo la a Chipewa, lakuti injini yatsopano amailiza koyamba ndi amene anasema hedi. Amati ikafuna kuphulika iyambe yaona nkhope ya mwini mlandu. Ya adokotala ija tinaimangirira m'chipinda choyesera, ife n'kuima kuseri kwa galasi. Ndinadina batani. Inatsokomola kawiri, n'kugwira. A Chipewa anaisiya itenthe, kenako anayamba kukankha chogwirira chowonjezera moto. Injini ya tebo imalira mobanika ngati munthu wotsekedwa pakamwa. Iyi ayi. Inayamba ndi mawu okhuthala a pansi, n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka inafika pamene zina zimatopera, iyo n'kutsegukanso kukhosi. Galasi linkanjenjemera. Mumamva mpweya weniweniwo ukulowa, mipita inayi ikukoka ngati umodzi. Ine maso anali pa paipi ya madzi. Sipanadonthe kanthu.

A Chipewa atazimitsa anati, "Ehe." Pa zaka zonse ndagwira nawo ntchito, mawu otalika chonchi oyamikira sindinawamvepo.

Mpikisano unali Loweruka lapitali. Ndinaima kumpanda, pamene msewu umawongoka. Galimoto ya adokotala ndi yobiriwira, yakale kuposa zonse zimene zinalipo. Pokhota anzawo ankawadutsa, chifukwa munthu uja amaponda buleki msanga, Mayi Wowotcherera akuti amaopa kugulula mano ake omwe. Koma zikangofika powongoka, yobiriwira ija inkawatola mmodzimmodzi ngati nkhuku ikutola chimanga. Inkadutsa pamaso panga ikulira mawu ake aja, ine ndikukuwa ngati mwana. Anamaliza wachitatu pa gulu lonse. Chiyambire sanafikepo ngakhale pa nambala teni.

Atatsegula boneti, panasonkhana azibambo, manja kumbuyo, akusuzumira ngati akuona khanda. Wina wa ndevu zoyera anafunsa, "Hedi iyi wasema ndani?" Adokotala anandikoka pamkono n'kundiimika kutsogolo. "Ndi awa. Koma mufole pamzere, ine ndinayamba." Ndinalakalaka mukanakhalapo, mwavala diresi lanu la madontho lija.

Sabata ino pa shelefu pafika mahedi a anthu ena, ndipo ena akuimba foni. A Chipewa akapereka kale mapepala anga ku ofesi yoona za alendo. Akuti tidikire miyezi iwiri. Ndikawerenga, Novembala ndili pakhomo.

Yankho la kalata yanga ya Julayi sindinalandire. Dalaivala akuti munangolandira envelopu n'kuthokoza. Mwina ntchito yachuluka, ndi nyengo ya mayunifolomu.

Ine,
Bambo a ana anu.

10 Novembala

Amayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale sindikumva kuchokera kwa inu. Foni mukuyankha mawu awiri n'kupatsira ana. Sindikudandaula, ndikungonena. Ine ndili bwino.

Ku ofesi kuja ndapitako mpaka alonda akundidziwa. Dzana mayi wa pawindo anayang'ana pa kompyuta n'kundiuza kuti mapepala ali bwino, palibe cholakwika, koma mulu ndi waukulu. Akuti Malichi. Ndikatuluka chikalata chisanatuluke, pempho lonse lifa.

Ndinabwerera wapansi, osakwera basi, kuti ndiganize. Ntchito iyi ndimaikonda, amayi, simungandimve ndikunama. Ndinafika kuno ndikutsuka zitsulo m'beseni la parafini, lero anthu akuyenda mitunda kudzasiya mahedi awo m'manja mwanga, manja omwewa osamva bwinowa. Koma ndinayamba kukhala mwamuna wanu ndisanakhale wosema mipita. Munanena mawu anu mu Malichi, ndipo inu simubwereza mawu.

Ndiye ndawauza a Chipewa kuti pakati pa Disembala ndikupita, chikalata kaya palibe.

"Ukudziwa kuti sudzabwerera?" anatero.

"Ndikudziwa, bwana."

"Nanga mahedi ali apowa asema ndani, agogo anga?"

"Ndimaliza amene ndingathe. Otsala, nyanga zapinki zilipo. Mayi Wowotcherera dzanja lawo ndi lokhazikika kuposa langa, ndiwaonetsa."

Kenako anati, "Mkazi wakoyo ayenera kuti ndi munthu." Ndinati ndi munthudi.

Ana musawauze kaye, ndidzawauza ndekha pakhomo. Alamu akafunse ku galaja ya pafupi ndi msika ngati akufuna munthu. Zosintha oilo ndi mabuleki ndikhoza, sindinaiwale. Ndidzabwera ndi bokosi la zipangizo zanga, mundikonzere malo kuseri kwa chitseko.

Ine,
Bambo a ana anu.

4 Disembala

Amayi a ana anga,

Moni, moni, moni. Ndili bwino kwambiri. Ndikulemba chifukwa dzulo pa foni ndinangoti kakasi ngati chitsiru, inu n'kumafunsa ngati ndikadali pa laini. Dalaivala anyamuka mawa, kalatayi ikupezani musananyamuke.

Ndiye kuti chete yense uja munali pamzere wa pasipoti! Kuyambira tsiku limene munawerenga za zala zanga, osauza munthu, kuopa kuti ingakanike n'kundikhumudwitsa. Ine kuno ndikuonda ndi maganizo, inu mukusoka mayunifolomu a sukulu yonse kuti mupeze ya basi. Ndipo mawu anu aja ndawalemba pa katoni ya pazenera: "Bokosi la zipangizo lisiyeni pomwepo. Munthu sasiya ntchito imene akuitanidwa nayo pamzere. Ndikubwera ndine, ndidzaone ndekha manjawo."

Nditawauza anzanga, Mayi Wowotcherera anaponya chigoba chawo m'mwamba n'kuti, "Ndapulumuka, atelala! Ndinali nditayamba kale kuboola hedi ya munthu m'maloto." A Chipewa anangoti, "Ehe," kenako anandipatsa sabata ziwiri zopuma, n'kuwonjezera kuti chipinda changa si cholandiriramo mlendo wolemekezeka, ndiye mawa abweretsa galasi la pazenera ndi mpando wachiwiri. Adokotala akuti akakutengeni ku depoti pa galimoto yobiriwira ija. Ndakana. Ili ndi mpando umodzi, ndipo ndawaona mmene amakhotera.

Ana akhale kwa achemwali anu monga mwanenera. Muwauze kuti chikalata chikatuluka mu Malichi, ulendo wotsatira ndi wanga, ndipo mzime adzandiwerengere buku lake lonse. Pa malire akakufunsani, nenani zoona, kuti mukukaona amuna anu ndipo mubwerera. Adiresi ya galaja ndalemba kuseri kwa pepalali. M'basi usiku mumazizira, tengani juzi. Musavutike kundinyamulira kalikonse.

Basi yanu idzafika Lachisanu pa 19, masana, pa depoti yaikulu. Mukatsika musayende, imani pomwepo pafupi ndi katundu wanu. Musafunefune munthu wa pachithunzi cha pakhoma chija, ameneyo kulibe. Muyang'ane wa imvi m'mbali, wonenepako pang'ono, wovala malaya oyera osita bwino. Akuti basiyo imachedwa nthawi zonse, koma ine ndidzakhala ndili pomwepo kuyambira m'mawa.

Ine,
Mwamuna wanu.